Chili pansi pa matabwa a Ilala n'chiyani?

Sitima ya MV Ilala idayamba kuyenda panyanja ya Malawi mu 1951. Idapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow ku Scotland, ndipo idabwera kuno ili zidutswazidutswa, kudzera padoko la Beira ndi panjanji, n'kudzalumikizidwa m'mphepete mwa nyanja yathuyi. Mwana amene adabadwa chaka chomwe sitimayi idalowa m'madzi lero ndi gogo wa zidzukulu, koma iyo ikunyamulabe chimanga, simenti, malata, odwala ndi ana asukulu pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba. Kwa anthu a ku Likoma ndi Chizumulu, komanso a ku Ruarwe ndi midzi ina ya m'magombe komwe galimoto sifika, Ilala ndiyo msewu.

Nthawi zonse sitimayi ikaima kuti ikonzedwe, mkangano umakhala womwewo. Ena amati igulidwe yatsopano, ena amati yakaleyi ikadali ndi mphamvu bola kuisamala. Andale amalonjeza, a kuzilumba amadandaula, amalonda amawerengera zomwe aluza, ndipo ikangobwerera m'madzi itapakidwa penti woyera nkhani yonse imazilala. Pamkanganowu pamatchulidwa injini, mafuta ndi mitengo ya matikiti. Chomwe sichitchulidwa kawirikawiri ndi malo omwe wokwera aliyense amapondapo, kukhalapo ndi kugonapo, omwe amalinyero amati deki. Deki yapamwamba ya Ilala ndi ya matabwa, ndipo pa sitima iliyonse yakale, matabwa otere ndiwo amabisa zambiri.

Nkhaniyi ingaoneke yakutali kwa munthu wokhala ku Area 49 kapena ku Kawale, amene nyanja amakaiona pa Khrisimasi ku Senga Bay. Koma sitimayi ndi katundu wa boma. Ndalama zoikonzera kapena zogulira ina zidzachoka m'thumba la wokhoma msonkho, ndipo chiganizo chake chidzamangidwa ku Capital Hill, mtunda wochepa chabe kuchoka ku Area 49 komweko. Kuwonjezera apo, matabwa omwe sitima yotere ingafune ndi omwewo amene ife a mumzinda tikuwamaliza.

Tiyambe ndi chifukwa chomwe amisiri akale ankayalira matabwa pamwamba pa sitima yachitsulo. Chitsulo chikawombedwa ndi dzuwa la October chimawotcha phazi, chikanyowa chimaterera, ndipo chimalowetsa kutentha m'zipinda za pansi pake. Mtengo suchita zimenezi. Mwa mitengo yonse, opanga sitima a ku Britain ankakonda wa teak, womera m'nkhalango za Myanmar, India, Thailand ndi Laos. Mtengowu uli ndi mafuta akeake omwe amakana madzi, sufufuma kapena kukhwinyata kwambiri nyengo ikasintha, suterera ukanyowa, ndipo sudyetsa chitsulo dzimbiri monga ichitira mitengo ina. Ulinso ndi timchenga tosaoneka m'kati mwake tomwe timabunthitsa macheka ndi mapuleni msanga, chinthu chomwe kalipentala aliyense amene adaugwirapo saiwala.

Kayalidwe kake kanali kotere. Matabwa okhuthala, nthawi zambiri mamilimita 50 kapena kuposerapo pa sitima zikuluzikulu, ankagonekedwa pamwamba pa chitsulo, kaya chachipepala kapena cha mitanda, n'kumangidwa ndi mabawuti. Mutu wa bawuti uliwonse unkalowetsedwa m'kati mwa thabwa n'kuphimbidwa ndi kachitsekero ka mtengo. M'mipata ya pakati pa matabwa ankakhomeramo thonje kapena ulusi wa chingwe, kenako n'kuthira phula lotentha. Masiku ano m'malo mwa phula amagwiritsa ntchito zomatira zakuda zonga labala. Mizere yakuda yokongola ija imene imaoneka pazithunzi za sitima si yokometsera ayi. Ndiyo imene imaletsa madzi kulowa.

Deki yotere siwonongeka tsiku limodzi, ndipo siyambira pamwamba. Dzuwa limaumitsa phula mpaka kung'aluka. Thabwa likamafufuma m'dzinja n'kukhwinyata m'chilimwe, phulalo limasiyana ndi mtengo pang'onopang'ono, n'kusiya kampata koti ngakhale tsitsi silingalowe bwino, koma madzi amalowa. Mapazi, matumba okokedwa ndi migolo yogubuduzidwa zimadya thabwa mpaka tizitsekero tija timapyapyala n'kuyamba kuthothoka, mitu ya mabawuti n'kukhala pamtetete. Madzi akatsika kudzera m'mipata ndi m'mabowo amenewa sakhalanso ndi potulukira. Amakhala pakati pa mtengo ndi chitsulo miyezi ndi miyezi, mopanda dzuwa kapena mphepo yowaumitsa. Chitsulo chimayamba dzimbiri, ndipo dzimbiri limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chomwe ladya, kotero limakankha thabwa kuchokera pansi. Thabwa likatukuka, mipata imakula, madzi amalowa ochuluka, dzimbiri limawonjezeka. Pomwe munthu woyenda pamwamba adzayambe kumva kuti pena pakunyenyera, ntchito ya pansipo imakhala itapita kale patali. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo deki yopukutidwa bwino ikhoza kukhala mkuyu weniweni.

Pali chinthu china chokhudza nyanja yathu chomwe ambiri amachimva mbali imodzi. Timanyadira kuti madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere, n'chifukwa chake sitima zachitsulo zimakhalitsa kuno kuposa ku Beira kapena ku Nacala. Izi n'zoona, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe Ilala idakalipo. Koma kwa mtengo nkhani yake imatembenuka. Tizilombo ta mtundu wa bowa timene timaoletsa matabwa sitikonda mchere, ndipo amalinyero akale a kunyanja zamchere ankathira dala madzi a m'nyanja padeki kuti isaole. Kuno madzi a m'nyanja ndi a mvula ndi amodzimodzi, onse ndi okoma kwa tizilomboti, ndipo kutentha kwa kugombe kumatifulumizitsa. Madzi omwe amasunga mimba ya sitima ndi omwewo amene amadya matabwa a pamwamba pake.

Ngakhale ukhondo weniweniwo umatha kuwononga. Kukwecha deki ndi bulashi yolimba motsata mizere ya mtengo kumachotsa mnofu wofewa wa thabwa n'kusiya timigula tosunga madzi. Kupala ndi sandipepa kuti deki ioneke yatsopano pakabwera alendo olemekezeka kumachotsa mamilimita omwe sadzabwereranso. Thabwa likapyapyala, mpata wothiramo phula umakhala wosaya, ndipo phula la mumpata wosaya siligwira. Vanishi kapena penti wopakidwa pathabwa lonyowa m'kati amangotsekera chinyezicho momwemo.

Nanga mmisiri amadziwa bwanji kuti deki yatha kapena ikadali ndi moyo? Njira zoyambirira n'zosafuna ndalama, zimangofuna kudekha. Amathira madzi padeki yonse m'mawa n'kudikira kuti iume. Pomwe pali bwino pamauma msanga ndiponso mofanana, koma m'mbali mwa mpata wong'aluka kapena mozungulira kachitsekero kotayirira mumatsala mzere wakuda wonyowa. Amayenda ndi kahamala kakang'ono akugogoda thabwa lililonse. Lolimba limalira mwaphokoso louma, lomwe lasiyana ndi chitsulo limalira ngati ng'oma, loola limangoti phu. Amabaya ndi chisongole m'makona, m'munsi mwa mizati ndi mozungulira mapaipi, momwe madzi amakonda kukhazikika. Amayang'ana madontho akuda ozungulira mabawuti, omwe ndi chizindikiro choti chitsulo ndi madzi zakumana m'kati. Amayeza kukhuthala kwa thabwa pamalo omwe m'mphepete mwake mukuoneka, n'kufananiza ndi momwe lidalili poyamba. Kenako amatsika m'zipinda za pansi, n'kuchotsa siling'i, kuti aone ngati dzimbiri layamba kudontha kuchokera kumwamba. Wogwira ntchito m'sitima amene amadziwa chipinda chomwe chimadontha mvula ikagwa amakhala ndi umboni woposa wa mlendo wobwera ndi fayilo.

Koma zonsezi zimangolozera. Yankho lenileni limapezeka pozula matabwa angapo m'malo osiyanasiyana, maka omwe akukayikitsa, n'kupala dzimbiri mpaka chitsulo choyera chioneke. Pamenepo amayezapo ndi kachipangizo kotumiza mafunde a phokoso m'chitsulo, kogwira ntchito mofanana ndi sikani ya amayi oyembekezera kuchipatala, kamene kamanena mamilimita omwe atsala. Malamulo a zasitima amaika malire a chitsulo chomwe chingadyeke chisanadulidwe n'kuwotchererapo china. Apa ndi pomwe eni sitima ambiri padziko lonse amazengereza, chifukwa thabwa lakale likazulidwa kawirikawiri silibwerera lamphumphu, ndipo chomwe chapezeka pansi pake sichingabisikenso. N'kosavuta kuthira phula latsopano pamwamba n'kunena kuti ntchito yatha.

Ku Monkey Bay komweko kuli chitsanzo cha momwe ntchito yokonza sitima yakale imalemerera. Sitima ya Chauncy Maples idapangidwa ku Glasgow mu 1899 ndi kampani ya Alley & McLellan, moitanitsidwa ndi amishoni a Anglican a UMCA, ndipo idalowa m'madzi mu 1901. Idatchedwa dzina la bishopu wa Likoma amene adamira panyanjayi mu 1895. Boyila yake idakokedwa pamtunda ndi amuna mazanamazana kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Idatumikira ngati sukulu ndi chipatala cha amishoni, kenako ngati sitima yophera nsomba, kenakonso yonyamula anthu ndi katundu, mpaka idaimikidwa. Kwa nthawi yaitali inkatchulidwa kuti ndiyo sitima yakale kwambiri yoyandama mu Africa. Zaka za posachedwapa bungwe lina la ku Britain lidasonkhanitsa ndalama kuti aisandutse chipatala choyenda panyanja. Ntchito idayambika, sitimayo idatulutsidwa m'madzi, zithunzi zidajambulidwa, koma chipatala choyandamacho sichidafike pagombe lililonse. Amisiri a sitima amadziwa kuti kukula kwa ntchito yotere kumadziwika sitimayo ikatsegulidwa. Bajeti yolembedwa matabwa asanazulidwe imakhala yongopenekera, ndipo amene walonjeza tsiku lomaliza asanaone chitsulo amakhala walonjeza za mumdima.

Deki ilinso ndi kulemera kwake, ndipo kulemera kwa pamwamba si nkhani yamasewera panyanja ino. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya idamira pafupi ndi Florence Bay, komwe lero timati Chitimba, ikuwombedwa ndi mwera, ndipo anthu 145 adafa. Olemba mbiri ambiri amati mwa zina sitimayo inali yolemera kumwamba. Ilala idabwera pambuyo pa ngozi imeneyi. Matabwa a teak amalemera pafupifupi makilogalamu 650 pa kiyubiki mita imodzi akakhala ouma, ndipo akamwa madzi amaposa apo. Choncho kusintha deki si ntchito ya kalipentala yekha. Chilichonse choikidwa pamwamba, kaya ndi matabwa okhuthala, simenti yotsekera mabowo kapena chitsulo chowotcherera pamwamba pa chinzake, chimasintha momwe sitima imadzukira ikapendekeka ndi funde, ndipo chimafuna injiniya wowerengera.

Tsono tinene kuti zayezedwa ndipo zapezeka kuti matabwa ayenera kuchoka. Funso lovuta limayambira pomwepa: tiikepo chiyani? Teak wa m'nkhalango zachilengedwe, wokhwima zaka zambirimbiri, amene amisiri a ku Glasgow ankamudziwa, lero ndi wosowa ndipo ndi wamilandu. Dziko la Myanmar lidaletsa kutumiza kunja zipika zosacheka mu April 2014. Asilikali atalanda boma kumeneko mu February 2021, dziko la America ndi bungwe la European Union adaika ziletso pa kampani ya boma ya Myanma Timber Enterprise, yomwe ndiyo imagulitsa matabwawa. Wotsalayo akulimbiranidwa ndi opanga maboti a anthu olemera a ku Ulaya ndi ku Middle East. Pafupi ndi kwathu kuno kuli teak wobzala, monga wa kampani ya Kilombero Valley Teak m'chigawo cha Morogoro ku Tanzania, yomwe idayamba mu 1992. Ndi mtengo wabwino, koma wodulidwa uli wamng'ono, wamafuta ochepa poyerekeza ndi wa m'nkhalango, ndipo umafuna kusankhidwa thabwa ndi thabwa. Onsewa amagulidwa ndi madola, limodzi ndi zomatira zake, m'dziko lomwe kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mafuta a galimoto ndi mankhwala a m'zipatala zikulimbirana ndalama zakunja zomwezo.

Wina anganene kuti bwanji osagwiritsa ntchito mitengo yathu. Ndi funso labwino, chifukwa tili nawo mtengo woyenera ntchitoyi. Mlombwa, uja umatuluka utomoni wofiira ngati magazi ukatemedwa, sukhwinyata kwambiri, chiswe sichiukonda, ndipo amalonda a matabwa kunja amaufanizira ndi teak. Mbawa nayo idapangira maboti ambiri. Koma kuti mudziwe komwe mlombwa ukupita, simufunika kupita ku Monkey Bay. Yendani m'mbali mwa msewu wa Kaunda ndi m'misewu yolowera ku Area 49 ndi ku Area 25, komwe makalipentala amayala zitseko, mafelemu, mabedi ndi matebulo. Funso loyamba la wogula amene ali ndi kangachepe limakhala lakuti, kodi n'cha mlombwa? Nyumba zikumangidwa ku Gulliver ndi madera ozungulira, ndipo mwini nyumba aliyense amafuna chitseko chakumaso cha mtengo wolimba. Palibe cholakwa pofuna chitseko chokhalitsa, ndipo kalipentala akungosaka ya ndiwo. Koma yang'anitsitsani matabwa omwe amafika pamalo amenewa. Ambiri ndi aafupi, ochekedwa pamanja, osauma bwino, ena okhala ndi mnofu woyera wa kunja kwa mtengo, zomwe zimasonyeza kuti mtengowo udadulidwa usanakule. Chitseko chikhoza kulumikizidwa kuchokera kuzidutswa zotere. Deki imafuna matabwa aatali, owongoka, a pamtima pa mtengo, ochekedwa mofanana ndi kuumitsidwa miyezi yambiri, ndipo imawafuna mazanamazana nthawi imodzi.

Mitengo yotulutsa matabwa otere ikusowa, ndipo malamulo akuvomereza zimenezi. Pamsonkhano wa mgwirizano wa CITES ku Geneva mu 2019, dziko la Malawi ndilo lidapempha kuti malonda a mukula komanso mkungudza wa ku Mulanje aziyang'aniridwa. Mu 2022 ku Panama, mlombwa ndi abale ake onse a mu Africa, mbawa ndi msambamfumu zidalowa pamndandanda womwewo. Mkungudza, womwe udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, unali wokondedwa ndi opanga maboti chifukwa suola msanga m'madzi, koma kafukufuku wa 2017 adapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha paphiri lonse la Mulanje. Ku Dzalanyama, komwe mtsinje wa Lilongwe umachokera, boma lidatumiza asilikali mu 2015 kukalondera nkhalango, pomwe makala ake ankaphikira nsima m'makhitchini athu omwewa. Boma lomwe lidakhwimitsa zilango za lamulo la nkhalango mu 2020 silingaitanitse malole a mlombwa wokhwima popanda kufotokoza komwe wadulidwa.

Paini wa ku Chikangawa ndi wofewa ndipo amaola msanga akapanda kumwetsedwa mankhwala. Bulugamu ndi wolimba koma amang'aluka ndi kupindika pouma. Malaina, amene ali pachibale ndi teak ndipo amamera paliponse kuno, sakhwinyata kwambiri koma ndi wofewa moti sangapirire migolo ndi matumba.

Ndikuona kuti apa tiyenera kusiya chikondi cha zakale. Sitima yonyamula anthu ndi katundu si nyumba yosungiramo mbiri. Ngati matabwa atha, njira yanzeru pamalo ambiri ndiyo kuwachotsa, kudula chitsulo chodyeka, kuwotcherera chatsopano, n'kupaka penti wosaterera amene amathiridwa timchenga. Deki yotere ndi yopepuka, imayezeka chaka chilichonse popanda kuzula kanthu, ndipo amisiri a ku Monkey Bay akhoza kuisamala ndi zipangizo zomwe ali nazo. Vuto lake ndi lija tatchula kale, kutentha masana ndi kuzizira usiku, ndipo wolimva ndi amene amagona padeki ulendo wa masiku awiri kapena atatu. Apa pakhoza kuikidwa mthunzi, ndi timakwalala ta matabwa tochotseka, tomwe tingapangidwe ndi mtengo wobzala, n'kumanyamulidwa kuti pansi paume ndi kupentedwa. Matabwa enieni omatidwa opanda mabowo a mabawuti angasungidwe pamalo ochepa pomwe alendo okaona nyanja amalipira ndalama zambiri, ngati ndalama zawozo zikukwanira kuwasamala. Chomwe sichiyenera kuchitika ndi kuyala matabwa atsopano pamwamba pa dzimbiri lakale, chifukwa kumeneko n'kukwirira ndalama pamodzi ndi umboni.

Nkhaniyi siithera pa Ilala. Anthu ochuluka panyanjayi amayenda m'maboti a matabwa okhala ndi injini kumbuyo, maka sitima yaikulu ikakhala kuti yaima, ndipo maboti omwewa amathandiza kutsitsa ndi kukweza anthu pamagombe omwe sitima imaimira patali. Ku Mpwepwe m'boma la Mangochi kuli mbiri yaitali yopanga maboti otere, ndipo m'magombe ambiri muli amisiri odziwa kukhoma thonje ndi phula m'mipata. Mitengo yolimba ikamasowa, nawonso amatembenukira ku paini ndi bulugamu, ndipo boti lomwe kale likadakhala zaka zambiri limayamba kumwa madzi msanga. Ngozi ikachitika, monga ya ku Mlowe m'boma la Rumphi mu April 2017, timakamba za kunyamula anthu opyola muyeso ndi za mphepo, ndipo m'pomveka kutero. Koma boti lomwe matabwa ake afewa, lomwe mnyamata amakhalira kukapa madzi ulendo wonse, limakhala layamba kale ulendowo litalemera. Chisongole ndi kahamala zomwe zingayeze deki ya Ilala zingayezenso nthiti za boti la ku Usisya m'mphindi zochepa, ngati pali munthu wotumidwa kukachita zimenezo.

Munthu ameneyo lamulo lidamuika kale. Lamulo la Inland Waters Shipping la 1995 limafuna kuti sitima ndi maboti onyamula anthu aziyenderedwa ndi kupatsidwa chiphaso, ndipo ntchitoyi ili m'manja mwa nthambi yoona za maulendo a pamadzi mu unduna wa zamtengatenga. Ku Monkey Bay kuli doko loyandama lokwezerapo sitima komanso sukulu ya Marine Training College yophunzitsa amalinyero ndi mainjiniya. Luso lilipo. Chovuta chili m'kayendetsedwe. Mu 2010 boma lidapereka ntchito yoyendetsa sitima kwa kampani ya Mota-Engil kudzera ku Malawi Shipping Company, ndipo zimenezi zisanachitike sitimazi zidadutsanso m'manja mwa kampani ina. Pamgwirizano uliwonse wotere, padziko lonse, pamakhala kukankhirana: woyendetsa amati ntchito yaikulu ndi ya mwini katundu, mwini katundu amati woyendetsa ndiye akudya phindu. Injini ikafa onse amathamanga chifukwa sitima siyenda. Deki yodontha siimitsa ulendo, choncho imadikira chaka chamawa. Boma likamayendetsa lokha, vuto limangosintha malaya, chifukwa woyendera sitima ndi mwini sitima amakhala a unduna umodzi.

Anzathu a ku Tanzania, omwe timagawana nawo madziwa, adasankha kupanga zatsopano padoko la Itungi ku Kyela, komwe kudatuluka MV Njombe, MV Ruvuma ndi MV Mbeya II. Ife tidawonjezera MV Chilembwe, yomwe ndi yothamanga koma yaing'ono poyerekeza ndi Ilala. Mwina tsiku lina tidzagula ina yaikulu. Koma ngakhale ndalama zitapezeka mawa, kupanga sitima, kuibweretsa m'zidutswa ndi kuilumikiza kumatenga zaka, ndipo zaka zonsezo anthu oposa 14,000 a m'boma la Likoma, malinga ndi kalembera wa 2018, adzakhala akupondabe matabwa omwewa. Mkangano wa kugula kapena kukonza sungathe ndi mawu a pamsonkhano, chifukwa mbali zonse ziwiri zimafuna manambala amodzimodzi. Wofuna yatsopano ayenera kudziwa zaka zomwe yakaleyi ingadikire. Wofuna kukonza ayenera kudziwa ngati akuthira ndalama pa chitsulo chomwe chingazibweze.

Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga kuchokera ku boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo lipoti la woyendera sitima yonyamula anthu si chinsinsi cha chitetezo cha dziko. Liyenera kupachikidwa padoko la Nkhata Bay, ku Likoma ndi ku Monkey Bay, m'Chichewa ndi m'Chitonga, pomwe anthu amagulira matikiti. Ilala ikadzakweranso padoko loyandama, komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za mtengatenga isadzakhutire ndi kuyendera sitimayo itapentedwa kale. Idzapite ntchito ili m'kati, ndipo phungu wa ku Likoma adzafunse kuti ndi matabwa angati omwe azulidwa, m'malo ati, ndipo chitsulo cha pansi pake chapezeka ndi mamilimita angati poyerekeza ndi omwe amisiri a Yarrow adaikapo mu 1949.